Pomwe Simenti Inakana Kugwira

Nthawi inali itangokwana seveni koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kosaleka. Bambo wa nyumbayo anaima m'chipinda chimene mkazi wawo anadwaliramo mpaka kumwalira, akuyang'ana zibenthu za simenti yoyera zomwe zinali zitagwa pansi.

Chipindacho anali atachipereka kwa mwana wawo wamwamuna, poti mpongozi anali woyembekezera. Penti yakale inali itasuluka, ndiye anagwirizana zopaka simenti yoyera. Bambowo anaumirira kuti ntchitoyo agwira okha. Anapala makoma onse, kuwanyowetsa, n'kupaka ndi burashi. Koma cha kumutu kwa bedi anasiya malo amodzi osapala: banga lakuda, lalikulu ngati mbale, pomwe malemu ankatsamiritsa mutu chifuwa chikawakaniza kugona. Anangopaka pamwamba pake mofatsa, kuti likhalebe kunsi kwa simentiyo, iwo okha akudziwa.

Simenti inagwira paliponse kupatula pamenepo.

Mwana wawo analowa akumanga lamba. Anagogoda khoma ndi chala, chibenthu china n'kugwa.

"Bambo, apa munapala?"

"Ndinapala."

"Ndi chiyani, nthenga ya nkhuku?" Anaseka, koma ataliyang'anitsitsa bangalo kuseka kunamuthera. "Awa ndi mafuta a m'mutu mwa amayi. Simenti sigwira pamafuta, munandiphunzitsa ndinu."

"Tingoikapo kabati."

"Apa ndi pomwe pakhale kabedi ka mwana. Zibenthuzi zizimugwera kumaso?"

Mnyamatayo anakanda m'mutu, maso ali pansi.

"Ngati kukuvutani, zisiyeni. Ndipala ndine ndikaweruka."

"Pita kuntchito, uchedwa."

Atatsala okha, anaika chikhatho pabangapo. Panali pozizira ngati khoma lina lililonse. Anatenga chopalira n'kuyambira m'mphepete. Mafutawo anali atalowerera kupyola penti mpaka m'pulasitala, moti kupala kokha sikunakwanire, anachita kugoba ndi tchizulo. Pamene ankamaliza, pakhomapo panali chibowo chotuwa, fumbi litawayeretsa mapazi.

Mpongozi anaima kunja kwa chitseko, dzanja lili m'chiuno.

"Bambo, tiyi akuzizira."

"Muvundikireni, mayi. Apa pakufunika kumata kaye."

Anasesa fumbilo n'kulithira m'thumba la zinyalala. Kenako ananyamula ndowa kupita kumpopi kukatunga madzi okandira simenti.