Sokosi Imodzi ya Akalipentala

Zaka khumi ndi ziwiri zathunthu Azakhali anakhala m'labu ya chipatala, diso limodzi pa maikulosikopu, linalo lotsinzina. Iwo ankadziwa anthu bwino zedi, koma m'mabotolo. Mukawapatsa kadontho ka magazi, ankakuuzani ndi zimene mwini wake ankabisira mkazi wake zomwe. Koma nkhope ya mwini magaziwo, ayi ndithu, sankaiona ndipo sankaisowa.

Ndiye tsiku lina anangodzuka n'kunena kuti akukaphunzira udokotala. Amuna awo anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Pa msinkhu wanuwo? Mukakhalatu kalasi imodzi ndi ana oti mukanabereka nokha!" Sananame. Anzawo a m'kalasi anali ana a dzulodzuloli, ndipo ndi omwewo amene anawapatsa dzina loti Azakhali.

Mayeso a papepala ankangowamwa ngati madzi. Minga inali pa mayeso omaliza a muwodi, pamene umapatsidwa wodwala weniweni ndi mphindi khumi ndi zisanu kuti upeze chikumuvuta. Amenewo anali atalephera kale kamodzi. Analowa osapereka ndi moni womwe, n'kutola fayilo, n'kuyamba kuwerenga zotsatira za magazi, wodwala atamufulatira. Lamulo la sukulu linali losanyengerera: ukalephera kawiri, longedza. Ndiye abwerere ku labu, kumene anawachitira phwando lotsanzikana, la keke ndi zoyankhula zomwe? Nkhope akanaiika pati?

Pa ulendo wachiwiriwu woyesa anali dokotala wamkulu amene ophunzira ankamutcha a Mphindi, chifukwa wotchi ankaiyang'ana kuposa munthu. Pabedi panagona akalipentala okalamba, maso ali gwa kudenga.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" Moniwo Azakhali anali atauyeserera pagalasi sabata yonse. Koma dzanja, losamva kamodzi, linali litapita kale kumiyendo kwa bedi kukasaka fayilo. Panalibe.

"Ili m'khwapa mwangamu," anatero a Mphindi. "Kwatsala khumi ndi zinayi."

Kalanga ine! Azakhali anaima ngati nkhuku yonyowa. Pakamwa panangotsala pang'ono kutuluka mawu oti titenge magazi, koma akalipentala anawatsogolera.

"Ngati ndi magazi, mayi, bayani mkono uwu. Winawu anzanu anaumaliza kale."

Azakhali anaseka, ndipo mantha anachepako. Poti pepala panalibe, anagwira ntchito mmene ankaidziwira. Ku labu sulemba yankho usanayendere kagalasi konse ka magazi, kuchokera m'mphepete kukafika m'mphepete, ngakhale kachilombo utakaona poyambirira pomwe. Anayambira kumutu: maso, lilime, khosi. Pachifuwa anamvetsera, n'kumva mtima ukufwenthera molakwika. Anadziwa kuti a Mphindi anawasankhira wodwalayu chifukwa cha mtimawo. Mwana wochenjera akanaima pomwepo n'kuyamba kulakatula. Iwo anapitirira.

"Kwatsala zisanu."

Mimba, mawondo, akakolo. Phazi lakumanja linali pamtunda, lakumanzere lili mu sokosi yakuda.

"Tivuleko iyi, bambo."

"Isiyeni. Kukuzizira."

"Kukuzizira phazi limodzi?"

Akalipentala anayang'ana kukhoma. Azakhali anakoka mpando n'kukhala pansi, chinthu chimene sanachitepo chilowereni muwodi.

"Kwatsala ziwiri," anatero a Mphindi, mokweza.

Azakhali anamva, koma sanadzuke. "Mukuopa chiyani, bambo anga?"

"Ndinaponda msomali ku shedi, masabata atatu apitawo. Sipakupweteka n'komwe." Kenako mkuluyo anawonjezera: "Achimwene anga anaonetsa chilonda chonga chomwechi. Anatuluka m'chipatala opanda mwendo. Kalipentala wa mwendo umodzi munamuonapo akupala thabwa?"

"Achimwene anu ankadwala shuga?"

"Eya."

"Anaonetsa patapita nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi inayi. Kapena isanu."

"Inu ndi masabata atatu. Sindikulonjezani zimene sindinaone, koma chilonda chobisa ndicho chimadya mwendo. Ndiloleni ndione."

Azakhali anawavula sokosiyo pang'onopang'ono, poti inali itamatirira. Pansi pa chidendene panali bowo lotupa m'mbali, lonyowa, ndipo fungo lake linafika mpaka kwa a Mphindi. Azakhali anatsina chala chachikulu. Mkuluyo sanamve kanthu. Anagwira pamwamba pa phazi, n'kupeza mtsempha ukugunda bwinobwino.

"Magazi akufika kuphazi kuno, bambo. Mwendowu tiumenyera nkhondo."

"Nthawi yatha," anatero a Mphindi.

Basi. Za mtima zija Azakhali anali asananene ngakhale liwu limodzi. Zinawawawa kwambiri, moti misozi inalengeza. Anayamba kuganiza mawu okauza amuna awo, phazi la munthu likadali m'manja.

A Mphindi anasolola fayilo m'khwapa. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza, n'kubwereranso poyamba. Za phazi munalibemo. Madokotala anayi anali atamuona mkuluyu, a Mphindiwo achisanu. Anavula magalasi, anawerama, n'kuliyang'ana bowolo nthawi yaitali osayang'ana wotchi.

"Mtima munaumva?"

"Ndinaumva. Ukudontha mbali ya kumanzere."

"Hmm." Anaitana nesi kuti abweretse beseni ndi mabandeji. Kenako anati, "Chilondachi mwachipeza ndinu. Chitsukeni, adokotala."

Azakhali anacheuka kuti aone amene akuuzidwayo. Kumbuyo kwawo kunali khoma.

"Akunena inu, mayi," anatero akalipentala. "Fulumirani, phazili layamba kuzizira zenizeni."