Wailesi Yomvera Khofi

Wailesi yakanema ya pabalaza ikazima yokha, bambo a m'nyumbamo sankatekeseka. Ankanyamuka pampando mwachifatse ngati dokotala, n'kuithira khofi limodzi cha kumbali, pamwamba pa sipika. Posakhalitsa chithunzi chinkabwerera.

"Imeneyi imandidziwa ine," ankauza ana awo, uku akupukuta dzanja pathalauza. Masiku amene khofi linkalephera sankawakumbukira n'komwe. Amenewo anali mavuto a magetsi basi.

Loweruka lina akazi awo atapita kukazonda mchemwali wawo kuchipatala, wailesi inazima mpira uli mkati. Bambo anaithira khofi lija, koma kunali zii. Anasintha dzanja, anayesa mbali inayo, anailankhula ngati mwana wosamva, mpaka chikhatho chinatupa. Mapeto ake anaimba foni.

"Mayi a ana, wailesi yanu ija yayamba mwano."

"Kankhani pulagi kuseri kwa kabati," anayankha mayiwo mosadabwa. "Imakhwefuka. Inu mukamamenya, ine ndimakhala ndikuikankha ndi tsache."

Bambo anagwada monyinyirika, n'kupisa dzanja kuseri kwa kabati, n'kukankha pulagiyo. Nthawi yomweyo anyamata a mpira anatulukira, akuthamanga ngati palibe chachitika.

Bambo anadzuka n'kusasa fumbi m'maondo. Anayang'ana chikhatho chotupacho, anayang'ana wailesi, kenako anagwedeza mutu mokhutira.

"Basi, musavutikenso mayi, yayaka," anatero pafoni paja. "Khofi lomaliza lija linangochedwa kufika."