Wometa Amene Anadulitsa Miyendo ya Mpando

Nkhaniyi ndinaimva kwa kalipentala wina, tsiku limene mvula inandipanikiza pa ulendo, ine nkukausa m'shedi mwake. Ndayenda malo ambiri, ndipo kulikonse ndimatola nkhani za anthu osawadziwa. Iyi ndaisunga chifukwa ingathe kuthandiza wina.

Moyandikana ndi shedi ya kalipentalayo panali kashopu kometera. Mwini wake anthu ankangowatchula kuti a Wailesi, poti pakamwa pawo sipankatsekeka. Tsiku lina m'mawa a Wailesi anatulukira akukhwekhwereza mpando wometerapo.

"Achimwene, mundiduleko miyendo ya mpandowu."

"Mpando wabwinobwinowu? Walakwanji?" anafunsa kalipentala.

"Ndi mmene akumetera masiku ano. Kasitomala azikhala m'munsi, mutu uzioneka wonse. Inu za matabwa zokha, izi simungazidziwe."

Kalipentala anaseka, natenga sowo, nadula.

Koma a Wailesi ankadziwa okha chimene chinawafupikitsa mpando. Mikono yawo inali itayamba kukana kukwera. Akafuna kufikira pamwamba pa mutu wa munthu, mapewa ankalemera ngati asenza matumba a simenti. Kulemera kumeneku sikunali kwachilendo. Zaka zapitazo anadwala matenda a minofu, aja chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka nkuyamba kulimbana ndi thupi lake lomwe. Nthawi imeneyo ankalephera ngakhale kudzuka pampando. Anachira ndi mapiritsi a kuchipatala, ndipo ankamwabe tsiku ndi tsiku. Matendawo anagona, iwo nkumameta mwamtendere.

Ndiye kunabwera katemera wa chifuwa china chimene chinali chitagoneka anthu ambiri chaka chimenecho. A Wailesi anali oyamba kukabayitsa. Sanauze namwino za matenda awo akale, poti mzere unali wautali, komanso iwo ankadziona kuti ndi ochira. Atabwerako, shopu inasanduka tchalitchi. Aliyense wokhala pampando ankalandira ulaliki, makina ali pakhutu.

"Taonani ine! Ndabayitsa, ndafa? Inu amuna akuluakulu kuopa kasingano!"

Ambiri anapitadi chifukwa cha iwo. Kalipentala yekha ndi amene anakanitsitsa, nkumati adikire kaye aone ngati wometayo aphuke nyanga.

Tsopano taonani, patangopita masiku ochepa, mikono ija yayamba. Akanauza ndani? Mumtima ankati: ndikangonena, msewu wonse uti katemera wapundula a Wailesi, ndipo amene sanabayitse sadzapitanso. Kalipentala ndiye adzaseka mpaka kugwera mu utuchi. Anasankha kukhala chete pa chinthu chimodzi chokhachi, namayembekeza kuti chitha chokha.

Sichinathe. Mpando waufupi unathandiza sabata yoyamba, ngakhale makasitomala ankadandaula.

"Madala, ndabwera kudzameta kapena kudzakama ng'ombe?" anatero dalaivala wina wamtali, mawondo atamufika pachibwano.

"Khalani phee, bwana. Mutu wanu ndi wakutali, ndauitanitsa pafupi."

Anthu anaseka, a Wailesi nawonso anaseka, koma thukuta lili kamukamu. Galasi anasiya kulipukuta kumwamba. Thaulo anasiya kulikoleka pa msomali, nkumaliyanika pa benchi. Kunyumba akazi awo anayamba kudabwa. Bambo anasiya masikipa ovalira kumutu, nkumafuna malaya a mabatani okhaokha. Akamatuluka kosamba, sopo ankatsalira m'tsitsi.

"Bambo, zija zayambanso eti?" anafunsa mayiwo m'mawa wina akuwapatsira tiyi.

"Zitizo?"

"Musandiyese mwana. Kapu mwaigwira ndi manja awiri."

"Kwazizira, mayi."

"Kwazizira inu nokha? Tiyeni kuchipatala."

"Mawa."

Mawa lake linakhala mawa linanso. Mayi ananena mpaka kutopa, koma kutsutsana ndi a Wailesi kunali ngati kutsutsana ndi wailesi yeniyeniyo. Choncho mayiwo anadutsira kwa kalipentala nkumunong'oneza mawu awiri.

Tsiku limene makina ometera anapulumuka m'manja nkugwera pamwendo pa kasitomala, a Wailesi anakokeranso mpando ku shedi.

"Mudulekonso pang'ono."

Kalipentala sanatenge sowo. Anangoloza pa tebulo lake.

"Ukwezeni apa ndiuone."

A Wailesi anagwira mpando. Unanyamuka pang'ono, nufika m'mawondo, nubwerera pansi. Anayesanso. Zinakanika. Anausiya mpandowo, naima chilili.

"Akulu," anatero kalipentala motsitsa mawu, "ndikadulanso, anthu azikhala pansi. Nanga kenako? Mukumba dzenje?"

"Sekani. Si mumadikira zomwezi? Nyanga zija ndi izi."

"Ndiseke chiyani? Mikono imeneyi ndi imene imadyetsa kwanu. Mwabisiranji?"

"Ndinatuma anthu ine, achimwene. Akamva, anena kuti ndinawanamiza."

"Nanga panopa mukuchita chiyani? Si kunama kumeneku? Kwerani njinga. Za katemera wanuyo ine sindikuzidziwa, koma za munthu wolephera kukweza mpando ndikuziona ndi maso."

Kuchipatala anapeza dokotala wamkazi amene ankawaona kale. Anawauza kuti akweze manja, adzuke pampando osagwira, ameze madzi. Anawamvetsera m'chifuwa, nawatumiza kukatengetsa magazi.

"Mapiritsi munasiya?"

"Ayi, adokotala. Amenewo mayi akunyumba amawalondera kuposa ine."

"Mwachita bwino. Nanga izi zinayamba liti?"

A Wailesi anazengereza, kenako anafotokoza zonse, ndi za mpando zomwe. Dokotala anaseka pang'ono, koma sanachedwe kubweza nkhope.

"Matenda anu adzuka, bambo. Mwamwayi simukutsamwa pomeza, ndipo mukupuma bwino. Mukanachedwabe, minofu ikanaonongeka kwambiri, ndipo mphamvu zina sizibwerera msanga."

Kalipentala, amene anali ataima pakhomo chipewa chili m'manja, analephera kupirira.

"Ndiye kuti ndi katemera uja, adokotala?"

"Zitha kutero, zithanso kusatero. Sindikunamizani. Mwa anthu a matenda a minofu ngati awa, kapena nyamakazi ija yotupitsa mfundo, alipo ena amene matenda amadzuka akabayitsa. Ambiri sizimawachitikira, ndipo zikachitika kawirikawiri zimakhala zazing'ono, zimamva mankhwala. Koma matendawa amadzukanso okha, ngakhale popanda jakisoni. Komanso dziwani ichi: mankhwala amene bambowa akumwa amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Chifuwa chija chitawagwira osabayitsa, chingawagwetse kuposa inu."

"Ndiye sindinalakwe kubayitsa?" anafunsa a Wailesi.

"Kubayitsa simunalakwe. Munalakwa pawiri. Simunatiuze musanapite, ndipo zitayamba munabisa. Mukanabwera, tikanaona kaye ngati matenda agonadi, tikanakuuzani za mapiritsi anu, ndi zizindikiro zoti muzikhala nazo tcheru. Palinso akatemera ena amene sitipereka kwa munthu womwa mankhwala ngati anuwa. Nchifukwa chake timafuna kudziwa."

"Nanga kupweteka pamkono nditangobayitsa, ndi komweko?" anafunsanso a Wailesi.

"Ayi. Kupweteka pobayidwa, kutopa ndi kutentha thupi pang'ono, zimenezo zimachitikira anthu ambiri ndipo zimatha msanga. Koma kufooka kokulirakulira, mfundo kutupa, zidzolo kutuluka pakhungu, pamenepo bwerani. Mukamatsamwa pomeza kapena kubanika, musadikire kuti kuche."

Anawaonjezera mankhwala kwa kanthawi, nanena kuti azidzawachepetsa pang'onopang'ono iye mwini, osati iwo. Za katemera wotsatira anati adzakambirana matenda akagonanso.

A Wailesi anatseka shopu milungu ingapo. Mphamvu zinabwerera ngati mlendo wamanyazi, lero pang'ono, mawa pang'ono. Mayi ankawayesa powatuma kutsitsa mbale pa shelefu. Tsiku lotsegulanso, benchi linadzaza, ena ofuna kumeta, ena ofuna kungoona. Dalaivala wamtali uja ndiye anayamba.

"Tinamva kuti jakisoni wanu uja anakupindani."

A Wailesi anaika makina pansi. Pakamwa panatseguka monga kale.

"Mwamva zoona theka. Ine ndili ndi matenda a minofu, a kalekale, ndipo sindinakuuzenipo. Nditabayitsa anadzuka. Kaya ndi katemera kaya ndi okha, ngakhale adokotala sakulumbira. Chimene chinandipinda kwambiri ndi kubisa. Ndinapita, anandithandiza, ndi uyu ndili pano." Anakweza manja onse awiri mpaka kukhudza denga la kashopuko. "Alipo wa nyamakazi pano? Kapena kwanu?"

Mzibambo wina wa kukona anati akazi ake ali nayo, ndipo akuopa kubayitsa.

"Asaope, koma asapitenso mwakachetechete ngati ine. Ayambe kwa dokotala wawo, atenge ndi mapiritsi awo omwe. Tsopano inu bwana dalaivala, khalani apa. Tsitsi lanu lakula ngati mulibe abale."

Anameta tsiku lonse, akuyankhula osapuma, ndipo madzulo mikono inali yotopa kutopa kwa ntchito basi.

Phunziro lake ndi ili, abale anga. Ngati muli ndi matenda a minofu kapena a mfundo amene thupi limadziukira lokha, uzani dokotala wanu musanabayitse katemera, ndipo uzaninso wobayayo. Musasiye mankhwala pa nokha. Matenda akadzuka mutabayitsa, pitani msanga kuchipatala. Musabise chifukwa cha manyazi, kapena poopa kuti ena achita mantha. Anthu amapirira zoona kuposa mmene timawaganizira.

Kalipentala anamaliza nkhani yake ndi kunena kuti anthu a mumsewumo atamva zoona, onse otsala anakabayitsa, iye ali patsogolo. Apa pokha ndi pamene ndikukayika. Kuti wometayo anachira ndikukhulupirira, poti mvula itakata ndinamumva ndekha kuseri kwa khoma akukalipira kasitomala wogwedeza mutu. Koma zoti onse anapita, sindikudziwa. M'maulendo anga sindinaonepo msewu wathunthu ukusintha maganizo tsiku limodzi. Ndipo nditamufunsa kalipentalayo kuti anamubaya mkono uti, anayamba wayang'ana wamanja, kenako wamanzere, nkundifunsa ngati mvula yasiya.