Sindinagwe, Linandigwetsa

Dzanja la Atelala linali m'pulasitala, ndipo makina osokera, omwe amadyetsa ana awo, anali atayamba kuchita fumbi. Kampani yoika mapaipi inakumba ngalande pakhomo pa shopu yawo n'kuyalapo thabwa lofumbwa loti anthu aziwolokerapo. Thabwalo linathyoka mayiwa ali pakati, dzanja lamanja n'kuthyokera limodzi.

Atelala atapita ku ofesi kukapempha chipukuta misozi, bwana wa kampani anangoseka. "Kuchipatala munanena nokha kuti mwangogwa. Mwina chinali chizungulire, mayi. Ife zikutikhudza pati?"

Kuchipatalako ananenadi choncho. Atelala ndi munthu woti ngakhale muwaponde phazi, wopepesa amakhala iwowo. Namwino atawafunsa, anangoti, "Ndangogwa, mwanangu." Tsopano ulemu womwewo unali kuwadyera ana, ndipo mtima unawawawa.

Mwayi wake, neba wawo anali mlangizi wa zamalamulo, mayi wodekha, wodziwa kumvetsera mpaka munthu amalize.

"Aneba, kugwa ndi kugwetsedwa n'zosiyana," anatero mlangiziyo. "Kuvulala kwanu ndi nsalu ina, kulakwa kwa kampani ndi nsalu inanso. Lamulo limafuna muzilumikize. Musonyeze kuti thabwa lija likanakhala lolimba, dzanjali silikanathyoka."

"Kulumikiza nsalu ndiye ntchito yanga," anatero Atelala, akumwetulira koyamba chivulalireni.

"Basitu, tiyeni tikasake ulusi."

Anayambira kwa dokotala. Iye anawayezanso, n'kulemba kuti alibe matenda ochititsa chizungulire, ndipo fupalo linathyoka monga limachitira munthu akagwera m'dzenje atatsogoza dzanja. Kenako anapita kwa wometa tsitsi wa shopu yoyandikana ndi ya Atelala.

"Ndinaona ndi maso angawa," anatero wometayo. "Thabwa linayamba kulira kuti phwa! Kukuwa kwa amayiwa kunabwera pambuyo."

"Nanga thabwalo linapita kuti, achimwene?" anafunsa mlangizi.

Wometa anakanda m'mutu, n'kuloza pansi mwamanyazi. Chidutswa chake ndi chomwe ankachirikizira chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo. Chinali chofumbwa mpaka m'kati, penti wa kampani akuonekabe.

Pobwerera ku ofesi ija, mlangizi anaima pakhomo. "Lero mulankhula ndinu, aneba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Atelala analowa, n'kuika chidutswa chija patebulo. "Bwana, sindinagwe ayi. Thabwa lanu linandigwetsa. Nali. Kalata ya dokotala nayi, ndipo mboni ili panjapo."

Ulendo uno bwana sanaseke. Nkhani inapita kwa a inshuwalansi, chipukuta misozi chinaperekedwa, ngalande inakwiriridwa. Pulasitala itachoka, makina aja anayambanso kulira, ndipo chovala choyamba kusokedwa chinali cha mlangizi.

Mukavulala chifukwa cha kusasamala kwa wina, uzani achipatala bwinobwino chimene chakuvulazani, pezani mboni, ndipo sungani chinthucho. Bala limangonena kuti mwapweteka. Wokupwetekani amadziwika ndi umboni.