Mizere ya pa Felemu ya Chitseko

Nkhaniyi anandiuza ndi wonola mipeni wina, tikudikira basi yomwe sinabwere. Ankati inagwera mlamu wake, kalipentala.

Nyumba zonse za mumsewu wa kalipentalayo zinkagumulidwa. Katundu anali atasamutsa kale, kunangotsala felemu ya chitseko cha kuchipinda. Pafelemupo ndi pomwe iye ndi mkazi wake ankaimika mwana wawo wamkazi nkulemba msinkhu wake ndi pensulo. Mzere womaliza unalekezera pachifuwa cha bambo wake. Chaka chomwecho mwanayo anamwalira, ndipo wina sanabwerenso.

Felemuyo inali yomatidwa ndi simenti, yosazuka. Kuti atenge gawo la mizerelo, panafunika kudula mopingasa, pamwamba pa mzere womalizawo ndi pansi. Kalipentala anatsegula thumba la zida. Sowo ya mano ang'onoang'ono, yodulira mopingasa, inali itapita ndi katundu. Munatsala ya mano akuluakulu, yong'ambira thabwa m'litali.

"Bambo a mwana, mano amenewo ngati a ng'ona, sawononga?" anafunsa mkazi wake.

"Awononga ndikathamanga."

Panja katapila inali itameza kale nyumba ya aneba. Woyendetsa anasuzumira pawindo. "Madala, mukutsanzikana ndi chitseko? Chipsompsoneni tizipita!"

"Mwanawe, tandidikira ndikatenge sowo ina."

"Ine ndingadikire. Abwana anga sadziwa kudikira."

Kalipentala ankadziwa bwino lomwe zomwe mano otere amachita pathabwa louma: sadula, amakumba. Anayamba pang'onopang'ono, mkazi wake atagwirizira felemu ndi manja onse. Khoma linanjenjemera, fumbi linagwa kudenga, dzanja linafulumira lokha. Dzino limodzi linakola. Thabwa linati thee! nkubanthuka kutsika, kusenda nkhope yonse ya felemu pamodzi ndi penti.

Mayi uja anagwada nkuyamba kutola tizibanthu. Pena pankaoneka kachidutswa ka mzere wa pensulo, pena ayi. Anayesa kulumikiza pachikhatho, koma sankadziwa kuti kapamwamba ndi kati.

"Ankafika pati?" anafunsa.

Kalipentala anaika dzanja pachifuwa, kenako analitsitsa pang'ono, nkulikwezanso.

Wonola mipeni uja ankati mlamu wake sanagwirenso sowo chiyambire tsiku limenelo. Apo pokha ine ndikukayika, poti munthu amafunika kudya. Ndikukayikanso ngati anali mlamu wake, chifukwa pofotokoza, dzanja lake lomwe linkangoyendayenda pachifuwa.