Mpunga wa ku Karonga mu Ofesi ya a Chikaonda

Gresham Chikaonda anali mkulu wa zamasewera pa koleji ina mumzinda wa Wolverhampton kunja kwa Malawi, ndipo panalibe Mmalawi wa m'dera la Whitmore Reans mumzindamo amene sankadziwa zimenezi, poti mwini wakeyo ankazilengeza ngakhale pamaliro. Anayamba ndi kupopa mipira ndi kuchapa majezi, n'kumakwera mpaka kupatsidwa ofesi ya magalasi okhaokha. Chichewa ankachisiya m'galimoto akafika kuntchito. Iyeyo ndiye ankalemba ntchito makochi ndi kuvomereza ana olowa m'matimu.

Chaka chimenecho pa netibo panali mtsikana wina, Tupochile, woti akagwira mpira pansi pa golo mumangowerengeratu chigoli. Mayi ake, Dorica, ankasamalira okalamba, ndipo ndi viza yawo yantchitoyo fizi inali yokwera kwambiri, moti yunivesite kunali kungoimva. Khomo linali limodzi: kulowa timu yoyamba, imene anthu a m'mayunivesite ankabwera kudzaionera n'kusankhapo ana owalipirira maphunziro.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, Gresham anakokera Dorica pambali.

"Mwana wanu ndamutenga, Lachisanu tilengeza. Koma musauze munthu."

Sikuti chinali chifundo ayi, munthuyo ankangokonda kuthokozedwa.

Dorica analeredwa kuti sathokoza munthu chimanjamanja. M'kabati anali ndi mpunga wa Kilombero umene mchemwali wake anatumiza kuchokera ku Karonga, woti adye pa Khirisimasi. Lachitatu ataweruka anaukulunga m'chitenje chatsopano, n'kukwera basi yunifolomu ili m'thupi.

Anapeza Gresham ali ndi Michelle, wachiwiri kwa mkulu wa koleji. Dorica sanaone chovuta. Anagwada pakapeti n'kupereka mtolowo ndi manja awiri.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni chifukwa cha Tupochile. Kangachepeka mukadye ndi alamu."

Michelle Chichewa sankamva, koma dzina analimva, ndipo ankadziwa kuti timu sinalengezedwe. Pa kolejiyo mphatso ya kholo pa nthawi yosankha ana inali mlandu wochotsa munthu ntchito. Anafunsa kuti mayiyo ndani.

"I don't really know her," anatero Gresham, osayang'ana n'komwe pansi. Kenaka anafotokoza m'Chingerezi chosalala kuti kwawo anthu amenewa ndi mmene amagulira malo, ndipo iye zoterozo amanyansidwa nazo. Ankati "kwawo" ngati iye anabadwira ku mwezi. Dorica Chingerezi ankachimva bwinobwino, ndipo anamva liwu lililonse ali chigwadire.

Kunja kwa magalasi atsikana a netibo ankadutsa kupita kokasintha. Anaima. Wina anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Tupochile anali pakati pawo, ndipo anaona mayi ake akudzuka movutikira, atagwira m'mphepete mwa desiki, mlonda akuwanyamulira mtolo wawo.

Michelle sananene zoti mwanayo achotsedwe. Anangoti nkhaniyo ifufuzidwe. Koma Gresham ankaopa kuti akafufuza atulukira zimene ananong'ona kutchalitchi, choncho anapereka yekha ganizo lakuti, pofuna kuteteza mbiri ya koleji, Tupochile asalowe timu iliyonse chaka chimenecho. Kwa mtsikanayo chinali chaka chomaliza pa kolejiyo. Pamsonkhano wa aphunzitsi Gresham anamuombera m'manja kuti ndi munthu wokhulupirika, ndipo chowawa mpaka lero n'chakuti iye anaimirira n'kuwerama.

Lachisanu Tupochile anabwera kunyumba masana, n'kuponya nsapato zake za netibo m'bini yapanja. Vidiyo ija inali itazungulira koleji yonse. Dorica anam'peza atakhala pamasitepe.

"Mwanawe, ndinkangothokoza. Ndipite ndikawapepese a Chikaonda, mwina angasinthe maganizo?"

Mtsikanayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso ali gwa.

"When people ask, I tell them you're our cleaner," anatero. Ankauza anzake kuti mayi wogwada uja ndi wantchito wapakhomo pawo.

Dorica anam'funsa funso limodzi lokha.

"Akukhulupirira?"

"Yes."

"Chabwino. Uziwauza choncho."