Singano za Sophie

Masiku a chilangizo, mayi wa mkwatibwi amakhala mlendo pakhomo pake. A Rhoda ankaulemekeza mwambowo. Mwana wawo Taonga anali m'chipinda ndi alangizi, atafunda chitenje kumutu, wosaloledwa kuyankhula kapena kudzutsa maso. Iwo anali panja pansi pa zenera, akusita ndi simbi ya makala zovala za pa kitcheni pati, phwando la amayi lotsazikira mkwatibwi, ya Loweruka. Mphepo inkatola fumbi la m'Chawama n'kuliwaza pa zimene asita kale. Ankang'ung'udza nyimbo ya kukwaya kuti asamve za m'katimo, pakuti si za makutu a mayi.

Dzuwa lisanafike pamutu anatulukira achibale a mkwati: a Mutale, azakhali ake a mkwatiyo Mathews, ndi Ketty, mlongo wamkulu wa Mathews. Pambuyo pawo panali mtsikana wa zikhadabo zazitali atakolekera kachikwama kapinki.

"Amake Taonga, tabwera na mphatso," anatero a Mutale. "Uyu ni Sophie wa ku saluni. Mukazi wathu afunika kuwala, bantu bakaone kuti ise sitisankha mu mdima."

Sophie anatulutsa kanthu kokhala ngati lezala la ndevu, koma kunsonga kwake kunali kagudumu kodzaza tisingano tosaoneka bwino ndi maso.

"Ni rola, ba mami, ya ku Dubai. Iboola tumabowo pa nkhope, thupi iganiza yavulala, ndiye ibweretsa khungu yanyowani. Viphuphu, mabala, makwinya, vonse viyenda."

"Iboola munthu?" anafunsa a Rhoda.

"Monga nyerere chabe. Ba minisita bakazi ndiye vamene bachita."

Anaseka onse n'kulowa. Ketty analowa womaliza, maso ali kumbali, osapereka ngakhale moni.

A Rhoda ankadziwa chifukwa chake. Zaka zapitazo, akuyendera odwala ndi amayi a chigwirizano, anamupeza Ketty ku Kanyama atagona pamphasa, atatha ngati bango. Anamusambitsa, anamumwetsa phala, anamuperekeza kukayezetsa, ndipo tsiku limene anauzidwa kuti ali ndi kachilombo, Ketty anawagwira mwendo n'kuwalumbiritsa kuti asadzauze munthu. Kwawo ankangodziwa kuti chinali chifuwa. Mankhwala anamudzutsa, ananenepa. Ndi m'masiku omwewo pamene Mathews anamuona Taonga akubweretsa phala, chikondi n'kuyambira pamenepo. Koma chaka chathachi Ketty anapita kwa mneneri wina ku Matero amene anamuuza kuti wachira, ndi kuti kumwabe mapiritsi n'kukayikira Mulungu. Anawataya m'chimbudzi. A Rhoda anamudandaulira ndi misozi kuti Amene anapanga masamba a mitengo ndi Yemweyo anapatsa madokotala nzeru. Kuyambira tsikulo Ketty ankawazemba. Tsopano khosi lake linali litayambanso kutalika.

M'katimo ng'oma ya alangizi inaleka.

"Bakulu ndiye bayamba," anamveka a Tinenenji, mlangizi wamkulu. "Mwana sangalawe chinthu apongozi bakalibe kulawa."

"Nichite ine, Sophie," anatero a Mutale. "Mwina bamuna banga ba Dixon bazanikumbukira, baleke kuyangana tuma wetiresi."

Chiphwete chinabuka. Kenaka kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akukanda nsalu ndi chikhadabo, kobwerezabwereza.

"Mayo! Nyerere zako ni zamene zija za linthumbu!" anakuwa a Mutale.

A Rhoda anaika simbi pamwala. Zenera linali ndi galasi limodzi losweka, ndipo katani sinafike kumapeto. Anadziuza kuti akungoyang'ana mphatso, osati chilangizo.

Masaya a a Mutale anali psuu, ndipo pachipumi panali timadontho ta magazi ting'onoting'ono ngati mbewu za bonongwe. Sophie anapendeketsa botolo la sipiriti pa thonje. Sipanagwe kanthu. Analigwedeza, analiyang'ana kukamwa, kenaka anapukuta kagudumu kaja pa thaulo limene linali paphewa pake.

"Ba Ketty, bwerani."

Ketty anakhala pampando n'kutseka maso. Kagudumu kanakwera tsaya, kanatsika, kanadutsa chopingasa. Pachibwano anali ndi zilonda ziwiri zimene anaziphimba ndi paudala. Kagudumu kanapita pomwepo. Magazi ake sanali timadontho. Anatsetsereka mpaka kukhosi.

"Apa ndiye igwira nchito bwino," anatero Sophie.

Pangodya, pamphasa, Taonga anali chete pansi pa chitenje chake, manja ali pamaondo, monga anamuphunzitsira. Ngakhale akanaona, sakanatsegula pakamwa. Mkwatibwi wokana mphatso ya kuchimuna pamaso pa alangizi, nkhani yake imafika ku Kanyama, kwawo kwa mkwati, iye asanavule chitenje.

A Rhoda anagwira m'mphepete mwa zenera. Akafuula chimene akudziwa, aphwanya lumbiro n'kumuvula Ketty pamaso pa abale ake. Akakana osanena chifukwa, ndiye kuti anena kuti magazi a apongozi ndi onyansa, ndipo ukwati ungathere pomwepo. Akakhala chete, tisingano tija tilowa m'nkhope ya mwana wawo. Anafuna kupemphera koma mawu onse amene anawadziwa chibadwire anathawa. Linatsala dzina lokha. "Yesu," ananong'ona. "Yesu."

Sophie anapukutanso pa thaulo lomwe lija.

"Manje bwana mkubwa, mkwatibwi wathu. Muvundukuleni."

A Tinenenji anakweza chitenje. Nkhope ya Taonga inaonekera, yosalala, maso ali pansi. Pamwamba pa nsidze panali kachipsera ka tsiku limene anagwa pa mpope ali wamng'ono. Sophie anakaloza.

"Tiyambire apa."

A Rhoda sanakumbuke kuti anadutsa bwanji pabalaza. Anangoona chitseko chatseguka ndi nkhope zonse zitatembenukira kwa iwo.

"Amake Taonga!" anakuwa a Tinenenji. "Mwapenga? Muno simulowa imwe! Chokani!"

"Osamugwira mwana wanga na chinthu icho."

"Chifukwa?" A Mutale anaimirira, nkhope ili yofiira ngati nyama yosenda. "Chapita pa ine, chapita pa Ketty. Mufuna kukamba chani? Kambani timve. Tili na mphere ise?"

A Rhoda anayang'ana Ketty. Ketty anayang'ana pansi, thonje lili pachibwano. Panja wogulitsa makala anadutsa akuitanira malonda, mawu ake n'kuzimirira kumsewu.

"Nilibe chokamba," anatero a Rhoda. "Nakana chabe."

"Ba mami, ni mantha ya kumudzi iyo," anatero Sophie akuseka. "Onani, sekondi imodzi." Anagwira chibwano cha Taonga ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kutsika.

A Rhoda analumpha mphasa n'kukagwira kagudumuko. Sanagwire kuchigwiriro. Anafumbata kunsonga, mwamphamvu, ndipo Sophie pokoka iwo anafumbatitsa. Anamva tisingano tonse tikulowa m'chikhatho, m'ming'alu imene sopo ndi madzi ozizira zinasiya. Sanasiye mpaka Sophie anataya.

Taonga, kuiwala zonse zimene anamulangiza, anadzutsa maso.

"Amama!"

A Rhoda anatambasula zala pang'onopang'ono. Chikhatho chinali ndi mizere ya timabowo, ndipo bowo lililonse linayamba kutuluka kadontho kake. Pa tisingano, magazi awo ndi a Ketty sankasiyanitsikanso.

"Nikauza Mathews," anatero a Mutale akumanga chitenje m'chiuno. "Akazibe nyumba yamene afuna kukwatiramo. Sophie, tenga chinthu chako, ukachite bana ba pa laini yovina pa ukwati, beve sibazatinyoza. Ketty, tiye."

Ketty sanadzuke. Ankayang'ana dzanja lija, dzanja limene ankalidziwa. Sophie anawerama kuti atole rola.

"Isiye," anatero Ketty.

"Ati bwanji?"

"Isiye pansi. Usagwiritse pa munthu aliyense." Anatembenukira kwa Sophie. "Sophie, kuchoka pamene unanichita mwezi watha ku saluni, wachita bangati?"

Sophie anayamba kuseka, kenaka analeka n'kuyang'ana rola ili pansi. A Mutale anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kukhudza tsaya lawo.